Tisanadine "Allow": Mauthenga Osawaitana pa Mafoni Athu

Ndisanayambe ndikupempha chinthu chomwe m'misonkhano ina amaletsa. Tulutsani mafoni anu, muwagwire m'manja. Lero tiwagwiritsa ntchito.

Funso loyamba. Ndani amene foni yake imangolira yokha, ukayang'ana n'kupeza uthenga wa Chingerezi woti foni yako yadzaza ma virus, kapena woti wawina iPhone, kapena chithunzi cha munthu wosavala, ati ali pafupi nawe akufuna mucheze? Kwezani manja. Musachite manyazi, langa ndakweza kale. Tayang'anani kumbuyo kwanu. Mwaona eti? Pafupifupi tonse. Koma ambirife sitinauzepo munthu, chifukwa timaopa kuti atifunsa kuti umalowa pati iwe kuti zimenezi zizikubwerera.

Ndili ndi msuweni wanga ku Ndirande. Amagulitsa kaunjika, amatsatsa pa status ya WhatsApp, ndipo foni ndiyo shopu yake. Usiku wina foni ili pa chaji, iye akuphika nsima, inalira. Amuna ake anasuzumira. Panali chithunzi cha mwamuna wina ndi mawu akuti muli ndi uthenga watsopano kuchokera kwa wakuti, akukudikirani. Nsima ya tsiku limenelo sinadyedwe. "Ndi ndani ameneyu? Munadziwana kuti?" Iye analibe yankho, poti nayenso sankadziwa. Kutacha anakwera minibasi wa ku Limbe, kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Mnyamatayo anati foni yagwidwa ma virus, aisiye pamodzi ndi pasiwedi, abwere madzulo. Pobwera anapeza aiflasha. Zithunzi za mwana wake kuyambira tsiku lobadwa, manambala a makasitomala, zonse zinapita. Analipira ndalama yomwe akanawonjezera pa mpamba wa geni yake. Patangotha masabata awiri, mauthenga aja anayambiranso.

Foni ija inalibe virus, ndipo msuweni wanga analibe chibwenzi. Ankaonera ma series pa tsamba lina laulere, ndipo tsiku lina anadina batani limodzi, Allow. Ataiflasha foni anabwerera pa tsamba lomwelo n'kudinanso. Nkhani yonse ndi imeneyo basi. Ndinenenso pomwepa kuti ngakhale uthenga utachokera kwa ndani, si chifukwa chotukwanira kapena kumenyera munthu. Koma lero ndikufuna aliyense atuluke muno akudziwa kumene mauthengawa amachokera, komanso atawatseka ndi chala chake, osapereka foni kwa munthu.

Zimayenda chonchi. Kuyambira 2015, Chrome, pulogalamu ija ambirife timatsegulira masamba a pa intaneti, inayamba kulola masamba kutumiza mauthenga pa foni ngakhale tsambalo utalitseka. Cholinga chinali chabwino, kuti mwachitsanzo tsamba la nyuzi lizikuuza nkhani ikangochitika. Koma tsamba silingangoyamba lokha, liyenera kupempha kaye. Ndi kabokosi kaja kamatulukira ndi mawu awiri, Allow ndi Block. Allow ndiye kuti ndalola. Block ndiye kuti ndakana.

Akamberembere anaonapo mpata. Amadziwa kuti palibe angalole atamuuza chilungamo kuti tikufuna tizikutumizira zonyansa usana ndi usiku. Ndiye amanama. Ukufuna filimu, akuti dinani Allow kuti iyambe. Ukufuna kutsitsa nyimbo, akuti dinani Allow kuti ibwere. Ena amati dinani posonyeza kuti sindinu loboti, kapena kuti mwakwanitsa zaka 18. Nayonso link ija imazungulira m'magulu a WhatsApp, ya bundle yaulere kapena ya ndalama zomwe ati boma likugawa, tumizani ku magulu asanu kuti mulandire, nthawi zambiri imakathera pa kabokosi komweka. Iwe bundle ikutha, ukuthamanga, wadina. Wapereka kiyi wa pakhomo pako kwa munthu wosamudziwa.

Iwo amapindula chiyani? Ndalama. Pali otsatsa malonda omwe amalipira mwini tsamba anthu akamadina mauthengawa. N'chifukwa chake amawapanga oopsa kapena okopa, kuti chala chithamange mutu usanaganize. Ndiye gwirani mfundo ziwiri izi. Yoyamba, tsamba la pa intaneti silingathe kuyeza foni yanu n'kuwerenga ma virus omwe alimo. Uthenga uliwonse wonena choncho ndi bodza, ngakhale foni itanjenjemera, ngakhale atayika wotchi yowerenga masekondi. Yachiwiri, pamwamba pa uthenga uliwonse pamakhala timalemba ting'onoting'ono tonena kumene wachokera. Ukhoza kukhala ndi chizindikiro cha WhatsApp kapena cha banki, koma ngati pamwambapo palembedwa Chrome ndi dzina la tsamba losamveka bwino, ameneyo si WhatsApp, si banki, ndipo palibe munthu amene wakulemberani.

Tiyeni tsono titseke khomolo. Amene muli ndi Android, kaya Tecno, Itel, Infinix kapena Samsung, tsegulani Chrome. Pakona yakumanja pamwamba pali timadontho titatu, dinani pamenepo. Pitani pa Settings. Tsikani mpaka mupeze Site settings. Mwaipeza? Amene sanaipeze afunse mnzake wapambali, paja safunsa anadya phula. Mukalowa, dinani Notifications.

Apa pali ntchito ziwiri, ndipo ambiri amachita imodzi n'kudabwa kuti mauthenga sakusiya. Yoyamba, zimitsani kabatani kololeza masamba kupempha, kuti kabokosi kaja kasamatulukenso. Yachiwiri, yang'anani m'munsi pomwe palembedwa Allowed. Amenewo ndi masamba omwe munawalola kale. Werengani mayina ake. Ndikumva kuseka uko, asisi mwapeza angati? Lililonse lomwe simukulidziwa, lidineni n'kuzimitsa. Mawu ake amasiyana pang'ono malinga ndi foni, koma njira ndi yomweyi. Musaope kuti muwononga kanthu. WhatsApp izilirabe, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba azibwerabe, chifukwa sadutsa mu Chrome. Amene mumalowa Facebook kudzera pa Chrome, dzina limenelo mutha kulisiya.

Musanatuluke mu Site settings, onaninso Pop-ups and redirects ndi Intrusive ads, zonse zikhale zotseka. Zimenezi zimachepetsa zija zoti watsegula tsamba limodzi, kwatseguka ena atatu. Kenako bwererani ku Settings, mulowe Privacy and security, mupeze Safe Browsing. Isakhale yozimitsa. Mukasankha Enhanced protection, Chrome imachenjeza msanga za masamba oopsa, koma dziwani kuti imatumiza zambiri za masamba omwe mukutsegula kwa Google. Aliyense asankhe yekha, bola akudziwa chomwe akusankha.

Pali njira ina yachidule. Uthenga wotere ukabwera, musaudine ngati mukuutsegula. Ikanipo chala n'kugwiritsa kwa kamphindi. Foni ikuonetsani kumene wachokera ndi pozimitsira pomwepo. Njira imeneyi imathandizanso amene simugwiritsa ntchito Chrome, monga inu a Phoenix, Opera Mini kapena Samsung Internet. Mukhozanso kupita pa Settings ya foni yeniyeniyo, Apps, n'kusankha pulogalamuyo, kenako kuzimitsa Notifications. A iPhone, inu vutoli silikupezani kwambiri motere, koma ngati kalendala yanu yadzaza ndi machenjezo a virus, ndiye kuti munalembetsedwa pa kalendala yachilendo. Mu Calendar momwemo muli pochotsera.

Nanga ngati mwachita zonsezi koma zotsatsa zikungodzaza sikirini, ngakhale simunatsegule kanthu? Pamenepo nthawi zambiri vuto ndi app yomwe munalowetsa. Kumbukirani zomwe munaika masiku omwe vutoli linayamba, makamaka zija zimati zimayeretsa foni, zimasunga batire, kapena zomwe mnzanu anakutumizirani pa Xender. Zichotseni. Kenako tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pakona, mupite pa Play Protect, muiuze iyeze foni. N'zaulere, ndipo imeneyi ndiyo imayezadi. Ndikudziwa kuti muno muli okonda GB WhatsApp chifukwa imaonetsa mauthenga ofufutidwa. Asisi, imeneyo si ya eni WhatsApp, sili pa Play Store, simukudziwa anaipanga ndani, ndipo eni akewo akhoza kukutsekerani akaunti. Zinsinsi zanu zonse mukuzidutsitsa m'manja mwa mlendo chifukwa chofuna kuona zomwe wina wafufuta?

Tsopano tikambe za chomwe chili kuseri kwa mauthengawa, chifukwa kusowetsa mtendere kokha si nkhani yaikulu. Uthengawo ndi nyambo, mbedza ili patsogolo. Ndipo mbedza zomwezi timakumana nazo pa Facebook, pa TikTok ndi pa Google. Mukaona mawu akuti Sponsored, akungotanthauza kuti wina walipira kuti inu muone. Sakutanthauza kuti zomwe akunenazo n'zoona.

Nyambo yoyamba ndi ya mwawina. Mwawina foni, mwawina ndalama, pa mpikisano womwe simunalowe. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Akufunsani dzina, nambala, kenako kandalama kochepa kotumizira mphothoyo, kapena PIN, kapena manambala omwe angobwera kumene pa SMS. Palibe wa ku Airtel, ku TNM kapena ku banki amene ali ndi chifukwa chokufunsani PIN yanu. Manambala 6 aja a WhatsApp mukangopatsa munthu, akaunti yanu yapita, ndipo mawa azakhali anu alandira uthenga m'dzina lanu woti mwagonekedwa ku Queens, atumize ndalama msanga. M'gulu lomweli muli ma app omwe amati amalosera Aviator. Munthu wodziwadi pomwe ndege ija ithawire sangavutike kukugulitsani inu chinsinsicho.

Yachiwiri ndi ngongole ya pompopompo, yopanda chikole. Ameneyu ndi katapila wovala suti. M'mayiko ngati Kenya, Nigeria ndi India, ma app ena a ngongole ankatenga manambala onse a mu foni ya wokongola, akachedwa kubweza n'kumatumiza mauthenga omuyalutsa kwa abale, abwana ndi anzake. Zinafika poti mu 2023 Google inaletsa ma app a ngongole a pa Play Store kupeza manambala ndi zithunzi za mu foni. Ndiye ngati app ya ngongole ikukuuzani kuti muitsitse kudzera pa link, n'kumapempha kuona manambala anu ndi zithunzi zanu, dziwani kuti chikole chomwe akufuna ndi ulemu wanu.

Yachitatu ndi ya matupi athu. Mafuta oyeretsa m'sabata imodzi, mapilitsi okulitsa mahipi, tiyi wophwetsa mimba. Zotsatsa zimenezi zimayamba ndi kukuuza kuti mmene ulirimu sukukwanira, kenako n'kukugulitsa mankhwala osadziwika kochokera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linachenjeza kuti mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mercury, yomwe imawononga impso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yachinayi ndiyo imandisowetsa tulo, ya ntchito zakunja. Malipiro abwino, tikiti ndi visa tikulipirirani, malo atsala ochepa, lembani pa WhatsApp lero. Ndipo tisanamizane, ndi mmene ntchito zikusowera mu Blantyre muno, aliyense wa ife akhoza kuima pa uthenga wotere. Mu March 2024, BBC Africa Eye inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi omwe anakagwa m'ukapolo ku Oman. Mmodzi anafotokoza kuti munthu wina anamulonjeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Dubai, koma ndege inakamutula ku Muscat, komwe anakakhala wantchito wa m'nyumba, osaloledwa kuchoka. Kumeneko chilolezo cha wantchito chimamangiriridwa kwa bwana wake, ndipo ambiri analandidwa mapasipoti. Chomwe chinathandiza kuti nkhani yawo imveke ndi gulu la WhatsApp lomwe anayambitsa mayi wa ku Malawi wokhala ku America, Pililani Mombe Nyoni. Amayi oposa 50 anapezana m'gulumo, ndipo boma linati linabweza kumudzi amayi 54. Taonani, foni yomweyi inawapulumutsa. Kusiyana kwake n'koti pokodwa aliyense anali yekha, populumuka anali pamodzi.

Choncho musanayankhe uthenga wa ntchito, uonetseni anthu awiri. Pa tsamba la Facebook lomwe likutsatsa, pitani pa About, mupeze Page transparency. Pamenepo mumaona tsiku lomwe tsambalo linatsegulidwa komanso ngati linasinthapo dzina. Kampani yomwe ikuti yakhala ikutumiza anthu kunja kwa zaka khumi, koma tsamba lake ndi la mwezi watha, mwayankhidwa kale. Funsani ofesi yawo ili pati, mupiteko ndi munthu, mukafunsenso ku ofesi ya zantchito ya boma ngati akuwadziwa. Wokulembani ntchito weniweni sayamba ndi kukuuzani kuti musauze aliyense. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, koma lamulo limafika mochedwa munthu akakhala kuti wakwera kale ndege. Ndipo mukaona chotsatsa chabodza, dinani timadontho titatu pakona pake, musankhe Report ad. Mwina mupulumutsa mtsikana wina wa ku Chilobwe yemwe simudzamuonapo.

Nanga ngati munadina kale? Ngati munangodina n'kutseka, osalemba kanthu, osatsitsa kanthu, mtima m'malo, tsekani ma notification aja basi. Ngati munalemba PIN kapena pasiwedi, isintheni lero lomwe, musanafike kunyumba. Ngati ndalama zapita, imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, kapena pitani ku shopu yawo. Sindikulonjezani kuti zibwerera, nthawi zambiri sizibwerera, koma mukachedwa mwayi umatheratu. Pa WhatsApp, lowani Settings, Account, Two-step verification, muike manambala anuanu achinsinsi. Chitani zimenezi ngakhale simunaberedwepo.

Ngati mwa kucheza kotere munthu anapeza zithunzi zanu zachinsinsi ndipo akukuopsezani kuti azimwaza mukapanda kulipira, musalipire. Mukalipira kamodzi abweranso. Jambulani ma screenshot a mauthenga, nambala ndi dzina la akaunti musanamutseke. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa intaneti, komanso kulowa mu foni kapena kompyuta ya munthu popanda chilolezo. Mu 2024 kunabweranso Data Protection Act, loteteza zokhudza munthu payekha. Mukhoza kukadandaula ku polisi, ku Victim Support Unit, komanso ku MACRA. Ngati nkhani ya foni yabweretsa nkhanza kunyumba, pali nambala yaulere ya 5600 ya YONECO. Ndipo musapite ku polisi nokha, tengani mnzanu. Wolakwa ndi woopsezayo, osati inu.

Mawu amodzi okhudza okonza mafoni, asanandikwiyire achimwene athu a ku Limbe ndi m'tauni muno. Ambiri ndi anthu okhulupirika, ndipo sikirini ikasweka tiwafunabe. Koma foni ya mtsikana imakhala ndi moyo wake wonse. Mukapita, chotsani SIM ndi memory card. Ngati akusintha sikirini kapena batire, pasiwedi yanu saifunikira, mukhoza kutsegula nokha poyesa, inu muli pomwepo. Wina akati tiiflashe, funsani kaye chifukwa chake, ndipo zithunzi ndi manambala musunge kwina asanaigwire. Pa vuto la mauthenga lomwe takambirana lero, palibe chifukwa choflashira foni. Mwalikonza nokha pompano, mphindi zisanu sizinakwane.

Msuweni wanga uja ndinakhala naye pakhonde tsiku lina, tinatsegula Allowed, tinapeza masamba omwe sanawamvepo chibadwire. Anawazimitsa yekha, limodzi limodzi. Kenako anaitana amuna ake, n'kuwauza kuti bweretsani yanu. Asisi, mndandanda wa abambowo unali wautali kuposa wake. Zithunzi za mwana sizinabwerere. Zina anazitolera kwa abale omwe anawatumizirapo, zina zinapita basi.

Ndiye ntchito ya kunyumba ndi iyi. Mukafika, pemphani foni ya mayi anu, ya azakhali, ya mng'ono wanu, kapena ya mnzanu wa pa salon. Musawalande n'kuwakonzera mwakachetechete, akhale pambali panu, adine okha, kuti mawa akathandize wina. Mukapeza zonyansa pa foni ya mng'ono wanu, musayambe ndi kukalipa. Mufunseni kuti kabokosi kaja anakaona pati, mumuonetse Block. Ndipo inu nomwe, kabokosi kalikonse kakatulukira, kaya kakupempha ma notification, kamera, manambala kapena komwe muli, werengani kaye. Ngati simukumvetsa chomwe akupempha, kanani. Chomwe munakana molakwitsa mukhoza kudzachilola mawa, palibe chomwe mutaye.

Amene Site settings yawavuta kupeza asachoke, ndikhala pakhomo apo, tionera limodzi. Tsopano mafunso. Asisi a kumbuyoko, ndinaona dzanja lanu kalekale, yambani ndinu.